Shaki inadutsa pakati pa ife ndi kumtunda

Madzi ankandilekeza m'chiuno, pomwe mwana wa mchemwali wanga ankamulekeza pachifuwa. Tinali pagombe lina la nyanja yamchere, pakati penipeni pa mbendera ziwiri zimene opulumutsa anthu amazika kuti osambira asapitirire. Kuti tifike pamene tinaimapo, tinadutsa kaye malo ozamirako pang'ono, kenako pansi panakweranso n'kukaima pa chitunda cha mchenga chimene mafunde amaswekerapo. Anthu analipo ambiri, ena ali ndi makanda m'manja cha kumtunda.

Ndineneretu kuti palibe amene analumidwa tsiku limenelo, kuti musawerenge mtima uli m'mwamba. Koma zimene ndinaona zakana kuchoka m'mutu mwanga.

## Zinayamba ndi mbalame

Mbalame zoyera zinabwera chigulu, zikuzungulira m'mwamba, kenako n'kumadzigwetsa m'madzi chubwi, chubwi, pafupi ndi ife. Posakhalitsa tinsomba ting'onoting'ono tinadzaza paliponse tikuti waliwali, tina tikudumpha pamwamba, tina tikutigunda m'miyendo. Mwana uja anakondwa kwabasi. "Amalume, taonani! Tikundigirigisha!"

Kenako mayi wina wa gulu la opulumutsa anthu anaimba wenzulo, ulendo wautali wosadukiza. Amene anali pafupi ndi mchenga wouma anatuluka. Ife a pachitunda tinatembenuka kuti tizibwerera, koma iye anakweza dzanja n'kufuula kuti, "Inu muli uko imani pomwepo! Bambo, munyamuleni mwanayo, musasunthe!"

Ndinamunyamula. Ndipo m'malo ozamirako muja, momwe tinadutsa pobwera, momwe tinayenera kudutsanso pobwerera, munatulukira chinthu chotuwa, chotalika mwina mita imodzi ndi theka. Chipsepse cha pamsana chinali kunja kwa madzi, chakuda kunsonga. Sinali kuthamanga. Inayenda motsata gombe, inatembenuka kamodzi mwamphamvu tinsomba n'kubalalika, kenako inapitirira mpaka sitinaionenso.

Mwana anandikola khosi zolimba. "Amalume, ija ndi shaki?"

"Eya, ndi shaki. Ikufuna tinsomba tija. Gwira zolimba."

Tinaima pamenepo kakasi, anthu osadziwana tikuyandikana tokha popanda wotiuza. Patapita kanthawi mayi uja analowa m'madzi mpaka m'mawondo, maso ali uku ndi uku, n'kutikodola kuti tibwere tonse pamodzi, pang'onopang'ono, osamenya madzi.

Chimene chinandigwira mtima si kukula kwa shakiyo, chifukwa sinali yaikulu kwenikweni. Ndi malo amene inadutsa. Inali kumtunda kwa ife. Madzi amene inasambiramo anali pafupi ndi mchenga wouma kuposa pamene ine ndinaima. Ambirife timagawa nyanja pawiri m'maganizo mwathu: posaya ndi pa ana, pozama ndi pa zilombo. Timauza ana kuti asapitirire m'chiuno, basi mtima n'kukhala pansi. Malangizo amenewo ndi abwino pa nkhani ya kumira. Shaki yokha sidziwa malire amenewo.

## "Ine ndimayang'ana mbalame"

Anthu atabalalika ndinapita pansi pa nsanja yawo kukathokoza. Ndinafunsa kuti, "Mayi, kodi zimenezi zimachitikachitika?"

"Bambo, ife timaziona kawirikawiri kuposa inu, chifukwa tili pamwamba. Zambiri zimangodutsa, osambira osadziwa n'komwe."

Anandilozera mmene gombe lilili. Pakati pa chitunda cha mchenga ndi kumtunda pamakhala ngalande yotsata gombe, yokumbidwa ndi mafunde. Nyanja ikamadzaza, tinsomba timathawira m'ngalandemo, ndiye nsomba zazikulu zimatsatira tinsombato chifukwa mmenemo n'mopanikiza, chakudya sichithawa kutali. Anati imene tinaona ndi ya mtundu wa blacktip, yodya nsomba, ndipo ikaluma munthu nthawi zambiri imakhala kuti yasokoneza phazi kapena dzanja ndi nsomba m'madzi a thovu. Imaluma kamodzi n'kusiya.

"Nanga munaidziwa bwanji isanaonekere?"

"Ine sindiyamba ndi kufunafuna shaki. Ndimayang'ana mbalame. Mbalame zikayamba kugwera m'madzi, tinsomba tikamadumpha, ndiye kuti pansi pali chimene chikutithamangitsa."

Mawu amenewo ndi amene anasintha kaonedwe kanga ka nyanja. Funso lakuti madzi akundilekeza pati ndi laling'ono. Lalikulu ndi lakuti m'madzi muno mukuchitika chiyani pa nthawi ino.

## Chifukwa chake ambiri amalumidwa posaya

Ku Florida Museum of Natural History, mumzinda wa Gainesville m'chigawo cha Florida ku America, kuli kaundula wotchedwa International Shark Attack File amene anayamba mu 1958. Iwo amasiyanitsa munthu amene walumidwa chifukwa choiputa shaki, monga kuigwira, kuidyetsa kapena kuichotsa pa mbedza, ndi amene walumidwa akungosambira. Mu 2023 anthu olumidwa osaiputa anali 69 padziko lonse, ndipo 10 anamwalira. Mu 2024 anali 47, omwalira anayi.

Chimene chimandichititsa chidwi m'kaundula ameneyu ndi malo. Chaka ndi chaka Florida ndiye amatsogola, ndipo mu Florida momwemo dera la Volusia, kumene kuli gombe la New Smyrna Beach, limatenga gawo lalikulu. Mu 2023, pa anthu 16 olumidwa mu Florida, 8 anali a ku Volusia. Kumeneko si pakati pa nyanja ayi. Ndi pagombe pafupi ndi khomo la Ponce Inlet, pamene madzi a kumtunda amatulukira m'nyanja atanyamula tinsomba, madzi ake ovunduka, mafunde ake abwino kwa osewera ndi matabwa. Anthu ambiri, tinsomba tambiri, madzi osaoneka pansi. Ambiri mwa olumidwa kumeneko amavulala phazi, katumba kapena dzanja, amasokedwa n'kuchira.

Choncho posaya pamalumidwa anthu ambiri pa zifukwa ziwiri zosavuta. Anthufe ndi pamene timakhala, ndipo shaki zambiri, makamaka zing'onozing'ono, ndi pamene zimakulira ndi kudyera. Ofufuza a pa Shark Lab ya California State University ku Long Beach anaulutsa tindege ta drone pamwamba pa magombe a kumwera kwa California kwa zaka ziwiri, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023. Pa malo awiri pamene ana a shaki yoyera, great white, amasonkhana, anapeza kuti pa masiku 97 mwa 100 alionse amene anajambula, anthu ndi shaki anali m'madzi amodzi. Nkhani imeneyi imaopsa, komanso imatonthoza. Zikanakhala kuti shaki zimasaka anthu, magombe amenewo bwenzi atatsekedwa kalekale.

## Mathiriro a mtsinje, mvula itagwa

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene pali ngozi yeniyeni.

Pa mitundu ya shaki yoposa 500, itatu ndi imene imapha anthu kwambiri: great white, tiger shark ndi bull shark. Yachitatuyi, imene kumwera kwa Africa amaitcha Zambezi, ndiyo ya madzi osaya. Ndi yojintcha, ya mutu wophwatalala, ndipo thupi lake limatha kusunga mchere wokwanira ngakhale ili m'madzi opanda mchere. Zazikazi zimaberekera m'mathiriro a mitsinje, ana n'kukulira momwemo. Imakwera mitsinje kutali zedi. Mu 1937 asodzi anagwira imodzi mu mtsinje wa Mississippi pa tauni ya Alton ku Illinois, ku America, makilomita oposa 1,000 kuchokera kunyanja, ndipo imapezekanso mu Lake Nicaragua. Madzi amatope sayivutitsa, chifukwa sidalira maso okha. M'mbali mwa thupi lake muli mzere womva kugwedezeka kwa madzi, ndipo pamphuno pali timabowo tomva mphamvu yochepetsetsa ya magetsi imene imatuluka m'minofu ya cholengedwa chilichonse chamoyo. Iwe sukuiona, iyo ikudziwa kuti pali chinthu chikusuntha, koma sikudziwa bwino kuti n'chiyani. Manja ilibe. Imafufuza ndi mano.

Mvula yamphamvu ikagwa, mtsinje umatsitsa matope, zinyalala, nsomba, nthawi zina ndi nyama zakufa. Zonsezo zimathera pagombe la pafupi ndi mathiriro. Madzi amafiira, ndipo amakhala ofundirako, osangalatsa kusambamo. Ndi malo amene makolo ambiri amasankhira ana chifukwa mafunde ake ndi ofatsa. Zimandiwawa kuti malo ooneka odekha kwambiri pagombe angakhale amene akufunika kusamala kwambiri, ndipo nthawi zambiri palibe chikwangwani chonena zimenezo.

Mu Julayi 1916, m'mbali mwa nyanja ku New Jersey, ku America, anthu anayi anaphedwa m'masiku 12. Awiri mwa iwo, mnyamata wa zaka 11 ndi bambo amene analowa kukamufuna, anafera mu Matawan Creek, kamtsinje kamatope kolowa mkati mwa tauni. Akatswiri amatsutsanabe kuti inali shaki ya mtundu wanji, koma malo ake okha akuphunzitsa zambiri.

Ku Recife, m'dziko la Brazil, gombe la Boa Viagem linalibe mbiri yaikulu ya shaki mpaka 1992. Kuyambira chaka chimenecho anthu oposa 60 alumidwa m'dera limenelo, ndipo oposa 20 amwalira. Ofufuza ambiri amaloza doko la Suape limene linamangidwa chakumwera, n'kusokoneza mathiriro a mitsinje mmene bull shark zinkaberekera, komanso ngalande yozama imene imadutsa kufupi ndi gombe. Pachilumba cha Réunion, m'nyanja ya Indian Ocean, anthu 11 anaphedwa pakati pa 2011 ndi 2019, ndipo mu 2013 boma linaletsa kusambira m'magombe ambiri kupatula malo otetezedwa. M'malo onsewa ngozi sinabalalike mofanana nyanja yonse. Inaunjikana pa magombe ena, pa nyengo zina, m'madzi a mtundu wina. Zikutanthauza kuti munthu angathe kuiphunzira n'kuipewa.

## Manambala otonthoza

Pali chizolowezi china chimene sindigwirizana nacho. Ukangotchula shaki, wina amakudula pakamwa ndi manambala, akuti mwayi wolumidwa ndi wochepetsetsa, ungoiwala. Manambalawo ndi oona. Bungwe la World Health Organization limati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa chifukwa chomira m'madzi. Ikani pambali pa anthu 10 kapena anayi aja. Pagombe lililonse, madzi obwerera mwamphamvu amene amakokera munthu kunyanja ndi oopsa kutalitali kuposa shaki, ndipo kholo lililonse liyenera kuyambira pamenepo.

Koma chiwerengero cha dziko lonse chimasakaniza munthu amene sanaonepo nyanja ndi munthu amene waima m'mathiriro a mtsinje madzulo, mvula itagwa dzulo, msodzi akutumbula nsomba chapafupi. Awiriwa si ofanana. Kuuza wachiwiriyu kuti asadandaule n'kumunamiza pogwiritsa ntchito manambala oona. Ndikufuna anthu aziopa mochepa, koma mantha ochepawo aziwaika pamalo oyenera.

## Maukonde ndi anthu a paphiri

Anthu ambiri akamva kuti gombe lili ndi ukonde wa shaki amaganiza za mpanda wotseka gombe lonse. Maukonde akale aja, amene anayamba ku Sydney mu 1937 ndi ku Durban mu 1952, si mpanda. A ku New South Wales, chigawo cha Australia kumene kuli Sydney, ndi otalika mamita 150, kuya kwake mamita 6, ndipo amatchedwa m'madzi ozama kuposa pamenepo. Shaki imatha kudutsa pamwamba, pansi kapena m'mbali. Ntchito yake ndi kugwira ndi kuchepetsa shaki zazikulu m'deralo, ndipo amakolanso akamba a m'nyanja, ma dolphin ndi shaki zopanda vuto ndi munthu. Sindinyoza anthu amene anawaika. Ku Natal, ku South Africa, kuyambira Disembala 1957 mpaka miyezi yoyamba ya 1958, anthu angapo anaphedwa motsatizana m'magombe a kumwera kwa Durban, alendo anathawa, ndipo atsogoleri anayenera kuchitapo kanthu. Komabe kafukufuku wa mu 2013 anayerekezera kuti anthufe timapha shaki pafupifupi 100 miliyoni chaka chilichonse, makamaka pa usodzi. Nyama yochedwa kukula ndi yobereka ana ochepa singapirire zimenezo mpaka kalekale.

Njira imene ine ndimaikonda ndi ya ku Cape Town. Mu 2004 kunayamba gulu la Shark Spotters pagombe la Muizenberg. Munthu amakhala paphiri ndi zoonera kutali, mnzake ali pagombe ndi mbendera. Yobiriwira imatanthauza kuti madzi akuoneka bwino. Yakuda imatanthauza kuti madzi sakuoneka bwino, woyang'anayo sangalonjeze kanthu. Yofiira ndi chenjezo lalikulu. Yoyera, limodzi ndi kulira kwa sailini, ndiye kuti shaki yaoneka, tulukani. Mbendera yakuda ija imandisangalatsa kwambiri, chifukwa ndi mlonda amene akukuuza zoona kuti lero maso ake sakufika, usankhe wekha ukudziwa. Pagombe la Fish Hoek, kuyambira 2013, amaikanso ukonde wa timabowo ting'onoting'ono wotchinga malo osambira kuchokera pamwamba mpaka pansi, m'mawa n'kuuchotsa madzulo, cholinga chake kutchinga osati kupha.

## Mmene ndimalowera m'madzi masiku ano

Sindinasiye kusambira. Koma ndikafika pagombe ndimayamba ndaima kaye, nsapato zili kuphazi. Ndimaona ngati mbalame zikugwera m'madzi, ngati pali asodzi akuponya nyambo kapena kutsuka nsomba, ngati pali mtsinje kapena ngalande ya zonyansa yothira chapafupi, ndiponso ngati ndingaone mapazi anga nditaima m'mawondo. Ndimapita kwa opulumutsa anthu kukafunsa kuti lero kuli bwanji. Amayankha mosangalala, ndi anthu ochepa amene amawafunsa.

M'bandakucha ndi chisisira sindilowa, ngakhale ndi nthawi imene nyanja imakongola kwambiri. Mitundu yambiri ya shaki imasaka nthawi imeneyo, kuwala kuli kochepa. Wotchi, mphete ndi mkanda wonyezimira ndimasiya kumtunda, chifukwa m'madzi zimang'anima ngati mamba. Sindisambira ndekha, ndipo ana ndimawaika pakati pa akuluakulu. Kuona ma dolphin si umboni wakuti shaki kulibe, pakuti zonse zimatsata nsomba zomwezo. Ndipo nangumi wakufa akakokoloka n'kufika pagombe, dera lonselo n'losayenera kusambamo mpaka oyang'anira atanena.

Za magazi anthu amakokomeza. Shaki imanunkhiza kwambiri, koma nkhani yakuti dontho limodzi limaiitana kuchokera kutali makilomita ndi nthano. Fungo limayenda ndi madzi, ndipo limatenga nthawi. Ngakhale zili choncho, munthu wa bala lotuluka magazi ndi bwino akhale kumtunda.

Ukaiona uli m'madzi, thupi limafuna kutembenuka n'kuthawa ukumenya madzi. Kumenya madziko kumafanana ndi nsomba yovulala. Chofunika ndi kuiyang'anabe, kuyandikira anzako, n'kumabwerera chafutambuyo modekha, ngati njira ya kumtunda ili yotseguka. Ikakugwira, kunamizira kufa sikuthandiza. Menya pamphuno, tosa m'maso, kanda m'mabowo opumira a m'mbali mwa mutu, ndipo ikasiya tuluka msanga.

## Mphindi zoyamba pamchenga

Anthu ambiri amene amamwalira atalumidwa ndi shaki sadyedwa. Shaki imaluma n'kuchoka, munthu amafika kumtunda ali moyo, n'kufa chifukwa chotaya magazi. Mtsempha waukulu wa m'ntchafu ukadulidwa, munthu angathe kutha m'mphindi zochepa, ambulansi isanafike. Ndiye kuti moyo wake uli m'manja mwa amene ali pafupi, anthu wamba ngati inu ndi ine, ovala zosambira.

Mutulutseni m'madzi, mumugoneke pamchenga pomwepo, osathamanga naye mtunda wautali magazi akutuluka. Wina aimbe foni yoitana thandizo, ndipo mumuloze munthu mmodzi mwachindunji kuti achite zimenezo, chifukwa pagulu aliyense amaganiza kuti mnzake waimba kale. Tengani thaulo kapena malaya, mukanikize pabala ndi mphamvu zanu zonse, osatukulatukula kuti muone. Nsalu ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba.

Ngati bala lili pamwendo kapena pamkono ndipo magazi akuthovoka osaleka, pamafunika lamba womanga mtsempha, amene azachipatala amati tourniquet. Amamangidwa pamwamba pa bala, cha kumbali ya mtima, masentimita 5 mpaka 7 kuchokera pabalapo, osati pabondo kapena pachigongono penipeni. Ngati weniweni palibe, nsalu yotambalala yolimba ndi kamtengo kopotokolera zimagwira ntchito. Kachingwe kowonda kamacheka mnofu. Potokolani mpaka magazi asiye. Zimapweteka kwambiri ndipo wovulalayo adzakupemphani kuti mumasule. Musamasule. Lembani nthawi imene mwamanga, ngakhale pakhungu lake, kuti madokotala akadziwe. Mufunditseni kuti asazizidwe, muzimulankhula, ndipo musamupatse chakudya kapena chakumwa chifukwa mwina akupita ku opareshoni.

Ngakhale bala looneka laling'ono, la blacktip yoluma kamodzi n'kusiya, liyenera kukaonedwa kuchipatala tsiku lomwelo. Mano a shaki amatha kuduka n'kutsalira mkati, minyewa ya phazi ndi dzanja ili pafupi ndi khungu, ndipo m'madzi amchere muli tizilombo timene timaoletsa bala msanga.